Chala cha a Saphonya

A Saphonya anatayipa zaka makumi atatu ndi chimodzi pa yunivesite, m'kachipinda ka pansi pa masitepe a dipatimenti ya mbiri yakale. Dzinalo silinali la makolo awo, linabwera ndi ntchito. Aphunzitsi ankati munthu uyu ukamupatsa pepala lolembedwa ngati papalasa nkhuku, amakubwezera tsamba loyera lopanda ngakhale kadontho kosokera. Iwo eni ankalikana dzinalo mwaulemu, akugwedeza dzanja, koma wina akaiwala kuwaitana nalo ankakhala wolunda nkhope mpaka nthawi yoweruka.

Anali mwana wachisanu wa mlonda wa pasitolo ya zitsulo. Sukulu anasiyira panjira chifukwa masamu anawakana poyera, ndipo mlongo wawo wamkulu, poona kuti mnyamatayu atha ngati makatani pakhomo, anawakokera ku sukulu yophunzitsa kutayipa imene inali pamwamba pa shopu ya matayala. Kumeneko anali mwamuna yekha pakati pa atsikana makumi awiri. Mphunzitsi wake, mayi wamagalasi wosadziwa kuseka, ankawamanga kansalu kumaso n'kuimirira kumbuyo kwawo ndi rula. Chala chikasokera, rula inkatera pomwepo. Patatha chaka anatuluka ndi satifiketi, zala zotupa, ndi chizolowezi chosayang'ana makina potayipa.

Kachipinda kawo ka pa yunivesite kanali ndi tebulo, mpando wopanda chotsamira, makina akuda olemera ngati mwana wa zaka zitatu, bokosi la mapepala a kaboni okopera zolemba, ndi zenera laling'ono loyang'ana njira yopita ku laibulale. Pashelefu panali kabotolo ka mankhwala oyera ofufutira zolakwika. Ankakasunga pamalo oonekera dala, kuti mlendo aliyense afunse, iwo ayankhe kuti kanauma kasanatsegulidwe. Anthu ena amanyadira nyumba, ena ana, a Saphonya ankanyadira botolo louma.

M'chaka chawo chachinayi pantchito kunabwera mphunzitsi watsopano wa mbiri yakale, mnyamata wamtali wongomaliza kumene maphunziro kunja, amene aliyense ankangomutchula kuti a Dokotala. Jekete lawo linkakhala choko chokhachokha. Makiyi a ofesi ankataya kawiri pa sabata. M'kalasi mwawo munkalowa ophunzira asanu ndi awiri, atatu mwa iwo kudzagona, chifukwa a Dokotala ankalankhula motsitsa mawu, nkhope italoza kubolodi, za njira zimene amalonda a mchere ankadutsa kalekale. Wina akanati munthu ameneyu adzalamulira dziko, akanamuperekeza kuchipatala.

A Dokotala ankalemba ndi pensulo, ndipo kalembedwe kawo kanali koti ngakhale eni ake pofika Lolemba sankatha kuwerenga zimene analemba Lachisanu. Pa yunivesite yonse munthu mmodzi yekha ndi amene ankakamva. Chotero atamaliza buku lawo la za malonda a mchere, masamba opitirira mazana atatu, anatsika masitepe atalifungatira pachifuwa n'kuliunjika patebulo pa a Saphonya. Ntchitoyo inatenga miyezi iwiri, ndipo a Saphonya, amene anawerenga buku lonselo ndi zala, ankalumbira kuti m'menemo munalibe chilichonse chodzutsa munthu.

Mutu wachisanu ndi chinayi unkasimba za anthu a m'chigwa china amene asilikali a atsamunda anawabwerera chifukwa cha mkangano wa mcherewo. A Dokotala anamva nkhaniyo kwa nkhalamba ina, imene inafa isanamalize kusimba, ndipo mapepala a boma onena za zimene zinachitika pambuyo pake anali atadyedwa ndi chiswe. Pokhala munthu woona mtima, analekezera pamene umboni unalekezera. Chiganizo chomaliza cha mutuwo chinali chakuti: "Asilikali atafika pamlatho, anthu a m'chigwa anakwera phiri, ndipo sanagone."

Tsiku limene a Saphonya anafika pa chiganizo chimenecho linali Lachitatu masana, kunja kukutentha koopsa. Panjira ya ku laibulale panadutsa mtsikana wogwira ntchito kumeneko, atanyamula mabuku mpaka kuchibwano. Lamba wa nsapato yake anaduka pafupi ndi zenera, iye n'kuima ndi mwendo umodzi, akudziseka yekha. A Saphonya anachotsa maso papepala. Zala zinapitiriza ntchito monga zinaphunzitsidwira, koma pa makina otayipira n ndi j n'zoyandikana ndipo zimagundidwa ndi chala chimodzi, cha mkombaphala cha kumanja. Chalacho chinagunda n, n'kupitirira kugundanso j. Anthu a m'chigwa, amene kwa a Dokotala sanagone, kwa a Saphonya sanagonje.

Palibe anaona. A Dokotala atabwera kudzatenga masamba otayipidwa, anangowayeza kulemera m'manja.

"Muwerengenso, bwana," anatero a Saphonya mwa mwambo chabe.

"Zanu ndiwerengenso chiyani, a Saphonya? Nthawi ndilibe."

Mapepala a pensulo anawasiya pomwepo kuti atayidwe. A Saphonya, osazolowera kutaya pepala lokhala ndi kumbuyo koyera, anawaika m'katoni n'kupita nawo kunyumba. Bukulo linasindikizidwa makope mazana asanu, n'kukhala m'mashelefu zaka ziwiri likudya fumbi. M'zaka ziwiri zomwezo a Saphonya anakonzetsa nsapato ija, anaperekeza mwini wake kangapo mpaka pamalo okwerera basi, kenako anamukwatira.

Boma la nthawi imeneyo linali loti ukafuna kutsokomola unkayamba wayang'ana kumbuyo. Anthu anali atatopa, koma aliyense ankatopera m'nyumba mwake. Ndiye wophunzira wina, kaya ankafuna chiyani m'buku la mchere, anafika pa tsamba 212, pamene panali chiganizo chija. M'mawa mwake pakhoma la holo yodyeramo panali mawu a penti yofiira: SANAGONJE. Oyang'anira anafufuta. Sabata yotsatira mawuwo anatuluka pamakoma asanu, pa thanki ya madzi, ndi pa chitseko cha galimoto ya mkulu wa yunivesite. Makope mazana asanu aja anatha m'masiku anayi, ndipo m'kalasi mwa a Dokotala anthu anayamba kukhala m'mazenera.

A Saphonya anadutsa pakhomalo masiku atatu akunyadira kuti mawu otayipa iwo afika patali. Tsiku lachinayi china chake chinayamba kuwalasa mumtima. Zala zili ndi chikumbumtima chake, ndipo zawo sizinkakumbukira kuti zinaonapo j m'chiganizo chimenecho. Ataweruka anakoka katoni pansi pa bedi, anafukula mapepala mpaka kupeza tsambalo, n'kupita nalo pazenera. Analiwerenga kasanu. Analitembenuza, analiyang'ana mopendeketsa, anapukuta maso. Pakati pa n ndi e panalibe kanthu. Akazi awo anawapeza atakhala pasimenti, miyendo ili tambalale, thukuta lili kamukamu.

Atawafotokozera, mayiwo anafunsa tsiku lake. Atamva kuti linali Lachitatu la nsapato, anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye kuti amene akusokoneza dziko lino ndine?"

"Si nkhani yoseka iyi, mayi."

"Nanga ndilire? Mawa mukawauze a Dokotala. Ndi chilembo chimodzi, sadzakudyani."

Anapitadi. Anakwera masitepe pepala lili m'thumba la malaya, koma mu ofesi ya a Dokotala anapeza mutadzaza ophunzira, ena atakhala pansi. A Dokotala atawaona pakhomo anawakokera pakati n'kuwaika dzanja paphewa.

"Anzanga, munthu woyamba kuwerenga mawu amene mukuimbawa ndi uyu. Saphonya, ngakhale kamodzi. Tiuzeni, a Saphonya, munamva bwanji pamene munkawatayipa?"

Maso makumi angapo anali pa iwo.

"Ndinamva kutentha, bwana," anayankha, ndipo sananame. Ophunzira anaomba m'manja, ena misozi ili m'maso. A Saphonya anatsika masitepe pepala lili m'thumba momwe linalili.

Patangotha milungu itatu a Dokotala anatengedwa ndi anthu a magalasi akuda, pa mlandu wolemba mawu outsa chipolowe. Apa ndi pamene nkhani ya a Saphonya imasiya kuseketsa kwa kanthawi. Ankadziwa bwino kuti m'katoni mwawo muli pepala loonetsa kuti munthu womangidwayo sanalembe mawu amene anamangidwira. Tsiku lina Loweruka anavala tayi, anatenga tsambalo, n'kuyenda wapansi mpaka ku likulu la apolisi. Anaima kutsidya kwa msewu pafupi ndi munthu wosoka nsapato. Anapukutitsa nsapato zawo. Zitawala, anaimabe, kenako anapukutitsanso. Dzuwa litafika pamutu anabwerera kunyumba n'kuuza akazi awo kuti wamkulu wa apolisi kunalibe.

Kwa zaka zambiri ankadziuza kuti chinawabweza ndi mantha a apolisi, ndipo mantha analipodi, sitingawanamizire kulimba mtima. Koma akakhala okha ankadziwa chenicheni. Ankaona m'maganizo nkhani ikufika ku dipatimenti, aphunzitsi akunong'onezana pamasitepe, amesenjala akuseka, wina akufunsa kuti nanga tsopano tiziwatchula ndani. Munthu anakhala m'ndende miyezi khumi ndi inayi kuti botolo louma lisachite manyazi. A Saphonya ankazidziwa zimenezi ndipo zinkawawawa, koma osati mpaka kuwadzutsa pampando.

A Dokotala anatuluka ali owonda, ndevu zili pepeya, mano atatu akutsogolo kulibe. Mawu awo anali atasintha. Munthu uja wolankhula ndi bolodi tsopano ankaima pa lole n'kuyang'ana anthu m'maso, ndipo akakweza dzanja n'kunena kuti "Makolo athu," bwalo lonse linkamalizitsa lokha. Za mchere sanazitchulenso. Anayambitsa chipani, anamangidwanso kawiri kwa masiku ochepa, ndipo patatha zaka zisanu ndi chimodzi boma lija linagwa pachisankho. A Dokotala analumbira kukhala mtsogoleri wa dziko. A Saphonya anaonera mwambowo pa wailesi ya kanema ya aneba, atakhala pa mpando wa pulasitiki, akuyang'ana chala chawo. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma ichi chinali chitagwetsa boma, ndipo mwini wake sakanatha kuuza ngakhale aneba.

A Dokotala analamulira zaka khumi. Anamanga masukulu ndi malaibulale, zimenezo ngakhale adani awo savutika kuvomera. Anaphunziranso kukwiya msanga, ndipo m'chaka chawo chachisanu ndi chiwiri ophunzira ena amene analemba mawu pakhoma lomwe lija la holo anagona m'chitokosi. Mawu a pa tsamba 212 analowa paliponse. Analembedwa kumbuyo kwa mabasi, pa mayunifolomu a timu ya mpira, pachikuto cha mabuku a ana. Mwana wamkazi wa a Saphonya anabwera kuchokera kusukulu tsiku lina n'kuimirira pabalaza, manja kumbuyo, kulakatula chiganizo chonse pamtima, bambo ake n'kumukonza kapumidwe. Ku chigwa kuja boma linaika chipilala cha anthu asanu onyamula mikondo, zifuwa zili patsogolo. A Saphonya ataona chithunzi chake m'nyuzipepala anauza akazi awo kuti osema akanachita bwino kuwasema akuyasamula.

Kenako kunabwera makompyuta. Aphunzitsi anayamba kudzitayipira okha ndi zala ziwiri, makina n'kumawakonzera zolakwika, ndipo kusaphonya kunasanduka luso lopanda wolifuna. A Saphonya anayesa kuphunzira, koma ankagunda mabatani ngati akumenyana nawo, mpaka anathyola awiri. Anawapumitsa ntchito ndi kaphwando ka mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti, komwe anapatsidwa wotchi ya pakhoma ndi satifiketi yonena kuti anatumikira mopanda banga. Kachipinda kawo kanasanduka kosungiramo mipando yothyoka.

Chaka chimene anapuma, a Dokotala anatulutsa buku la mbiri ya moyo wawo. A Saphonya anabwereka kope n'kuyamba kumapeto, pa mndandanda wa mayina. Munalibe. Anapita kutsogolo, pa mawu othokoza. Munali akazi awo a mtsogoleriyo, maloya, wowayendetsa pagalimoto, ngakhale dokotala wa mano. Pamapeto panali mzere wakuti "ndi ena onse amene anathandiza m'njira zosiyanasiyana." A Saphonya anatseka bukulo. Kuyambira tsiku limenelo mantha aja a zaka zonsezi anatembenuka n'kukhala njala. Anawerengera moyo wawo n'kupeza kuti anagunda zilembo mamiliyoni, zonse za eni ake, ndipo chawochawo chinali chimodzi. Chimodzicho n'chimene dziko lonse linkaimba. Anayamba kuchifuna.

Anayamba ndi wometa tsitsi wawo, munthu amene anamudziwa zaka makumi awiri. Anamufotokozera zonse, kuyambira kutentha mpaka nsapato. Wometayo anaimitsa lumo.

"Inuyo, a Saphonya? Kuphonya?"

"Ndikukuuzani ine mwini wake."

"Ayi, madala, ukalamba usakunamizeni. Mukanati munthu wina, koma inu ayi. Weramitsani mutu."

Anayesa kwa mpongozi wawo, amene anavomera ndi mutu mwaulemu n'kukafunsa mkazi wake kuseri ngati bambo akumwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Anayesa kwa mnzawo wakale wa ku dipatimenti, amene anaseka n'kunena kuti nthabwala imeneyo aisunge. Mpanda umene anamanga moyo wawo wonse unali wolimba kwambiri, moti tsopano mwini wake analephera kutulukamo.

Pa chisankho chachitatu a Dokotala analuza. Anavomera zotsatira tsiku lomwelo, ndipo manyuzipepala onse, ngati anapangana, analemba mutu umodzimodzi wa mawu amodzi, umene aliyense angauganizire yekha: AGONJA. Anasamukira kunyumba yawo ya kumapeto kwa mzinda n'kusiya kuoneka. Patapita zaka zinayi a Saphonya analandira kalata yochokera ku nyumba yosungira zolemba zakale za dziko. Inkati akusonkhanitsa mapepala a mtsogoleri wakale, amva kuti iwo akusunga zolemba pamanja za buku la mchere, ndipo akupempha kuti azipereke pofika kumapeto kwa mwezi. Tsamba 212 lidzaikidwa m'galasi kuti anthu aziliona.

A Saphonya anawerenga kalatayo ataimirira, n'kuyamba kuyendayenda pabalaza ngati mnyamata. Tsopano sipadzafunikanso kukakamiza ometa tsitsi. Pepala lidzalankhula lokha, akatswiri adzafunsa kuti j inachokera kuti, ndipo yankho lidzakhala ndi dzina.

"Mukayambe mwawauza eni ake," anatero akazi awo, akusita malaya osawayang'ana.

"Akaona m'galasi ngati wina aliyense."

"Bambo, munthu wamkulu savulidwa pagulu. Mlandu suola, inde, koma mwausunga nokha zaka zonsezi. Pitani mukaunene pamaso pawo."

Anapita Lachiwiri m'mawa, pa mabasi awiri, tsambalo lili mu envulopu. Mlonda wa pageti anawasunga theka la ola, kenako anawalondolera pakhonde la kuseri. A Dokotala anali pampando wa ndalema, atavala juzi ngakhale kunali dzuwa, bulangete lili pamaondo. Patebulo panali kapu ya tiyi wozizira, mulu wa mapepala, ndi mapensulo m'kachitini. Manja awo ankanjenjemera osalekeza.

"A Saphonya," anatero. "Mwakalamba."

"Tonse, bwana."

"Khalani. Mwandibweretsera chiyani?"

A Saphonya anangotulutsa pepalalo n'kuloza mzere womaliza ndi chala chomwe chija. A Dokotala anavala magalasi, analibweretsa pafupi ndi mphuno, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Sanagone," anawerenga pang'onopang'ono. "Eya. Udzudzu wa paphiri paja. Mkulu uja anandiuza kuti unawaluma mpaka kucha."

"Ndinalakwitsa ndine, bwana. Chala chinaterereka."

"Ndikudziwa."



"Ndinadziwira kundende kuja," anapitiriza a Dokotala, osakweza mawu. "Buku langa lomwe ndinali ndisanaliwerengepo chisindikizireni. Ophunzira akamaimba ndinkangoti mwina ndinalembadi, poti kalembedwe kanga mukukadziwa. Tsiku loyamba wapolisi anandiwerengera chiganizo chonse, kuyambira pamlatho. Pomwepo ndinakumbukira udzudzu. Ndinamuuza kuti sindinalembe zimenezo, wotayipa analakwitsa, kamufunseni. Anaseka. Anati afufuza kale, ndipo yunivesite yonse ikuti wotayipa wanga salakwitsa. Dzino loyamba linapita tsiku limenelo."

Kuseri kwa nyumba wina ankatsuka mbale. A Saphonya anayang'ana nsapato zawo.

"Ndinakudikirani," anatero a Dokotala. "Ndinkadziwa kuti mapepala simutaya. Chitseko chikatseguka ndinkati ndi a Saphonya abwera ndi tsamba lija. Miyezi itatu yoyamba ndinkakudikirani tsiku lililonse."

"Ndinafika pageti, bwana."

"Ndiye?"

"Ndinabwerera."

A Dokotala anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza deti limene linkasowa m'kafukufuku wake. Sanakalipe, ndipo a Saphonya akanakonda akanakalipa.

"Mwezi wachinayi ndinasiya kudikira. Atandifunsanso, ndinati inde, ndinalemba ndine, ndipo ndikatuluka ndikalembanso. Ndinangonena chifukwa chotopa. Koma nditabwerera m'chipinda ndinapeza kuti ndaima mowongoka. Kuyambira pamenepo ndinalibenso china chogwira koma mawu amenewo." Anaika pepalalo pabulangete. "Tsopano mukufuna kukalipereka ku galasi."

"Andipempha, bwana."

"Mukufuna dzina lanu lilembedwe pansi pake."

Manyazi anawagwira a Saphonya mpaka m'makutu, chifukwa zinali zoona, ndipo pakhonde limenelo zinkamveka zazing'ono kwambiri.

"Sindikukudzudzulani. Ine ndinafuna dzina langa pa zinthu zazikulu kuposa apa, ndipo mwaona kumene zandifikitsa. Masukulu aja ena akugwa. Chipani chinagawikana patatu. Ana amene ndinawatsekera m'chitokosi ndi amene akulemba mbiri yanga tsopano, ndipo ali ndi ufulu. Chimene chatsala ndi mawu amodzi. Mukachotsamo j, a Saphonya, ndine munthu amene anachotsedwa mano chifukwa cha udzudzu."

Anatambasula dzanja n'kusolola pensulo m'kachitini. Anayesa kuiloza papepala, koma nsonga yake inkavina uku ndi uku, osatera pamzere. Anayesa kawiri. Kenako anaitembenuza n'kuipereka kwa a Saphonya.

"Ndinaphunzitsa ana zaka khumi ndi ziwiri kuti pepala lakale sakhudza. Ndikudziwa chimene ndikupempha. Dzanja langa latha, ndipo kalembedwe kanga mumakadziwa kuposa ine."

A Saphonya anaiyang'ana pensuloyo. Akanatha kukana. Pepala linali lawo kulisunga, mlonda anali kutali, nkhalambayo sikanatha ngakhale kuimirira msanga. Anaganiza za galasi, za akatswiri, za wometa tsitsi akuwerenga nyuzipepala kukamwa kuli pululu. Kenako anaganiza za chitseko chikutseguka m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu, munthu n'kudzutsa mutu.

Anakokera mpando patebulo. Anapempha pepala lina n'kuyeserera kaye kasanu, chifukwa j wa a Dokotala anali ndi mchira wopindikira kumanzere ndipo kadontho kake kankagwera patsogolo pang'ono. Anapala nsonga ya pensulo pasimenti kuti ifanane ndi yakale ija. Pakati pa n ndi e panali kampata kochepa kwambiri, koma munthu wolemba mothamanga amapanikiza zilembo, ndipo a Saphonya ankadziwa mmene a Dokotala ankapanikizira. Anagwira mpweya n'kulemba. Atatha anapukuta pang'ono ndi chala kuti chilembocho chikalambe. Ntchitoyo inatuluka bwino kwambiri, moti ngakhale mtima ukuwawa anamva kanthu kena kakunyada, n'kudziseka mumtima kuti galu wakalamba ndi makhalidwe ake.

A Dokotala anayang'ana tsambalo, analibweza mu envulopu okha ndi manja onjenjemerawo, n'kuwapatsa.

"Mumwe tiyi musanapite."

"Zikomo, bwana, basi ingandisiye."

Lachisanu anatenga katoni yonse n'kupita nayo ku nyumba yosungira zolemba zakale. Mayi wa pa kauntala anavala magolovesi oyera asanakhudze mapepalawo. Atafika pa tsamba 212 anaima, anayitana anzake awiri, ndipo atatuwo anaweramira pamenepo mwakachetechete ngati ali m'tchalitchi. A Saphonya anaimirira pambali, chipewa chili m'manja. Kenako mayiyo anatulutsa fomu n'kuyamba kuwafunsa mafunso: dzina, ntchito imene ankagwira, mmene mapepalawo anawapezera, kumene ankawasunga. Anayankha zonse.

"Funso lomaliza, bambo. M'mapepalamu muli chilichonse cholembedwa ndi inu? Kaya mawu a m'mphepete, kaya chizindikiro, ngakhale chilembo chimodzi. Timafuna tidziwe, kuti tisasokoneze ndi za mwini wake."

A Saphonya anayang'ana bolopeni ya mayiyo ikudikira pamwamba pa kabokosi ka pafomu.

"Mulibe, mayi," anatero. "Ine ndinkangotayipa."